Diso mumpope wa mfuti

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mayi anga ondibala: m'nyumba mwathu ku Chibanja, nkhope ya mtsogoleri wa dziko inadulidwapo ndi sizasi. Akuti nthawi yomangana pa zotere inatha, koma ndikulemba izi chitseko chili chotseka.

Amuna anga ankagwira ntchito yothamangitsa nyama zoononga minda. Loweruka lina anabwera ndi mfuti yatsopano ya kuntchito, ataifukata ngati khanda. Anandifotokozera, ine osafunsa, kuti mfuti yatsopano saombera pomwepo. Mumpope mwake mumakhala girisi wa ku fakitale, ndipo ukaomba girisiyo ali momwemo, mpope umafufuma, mwinanso kuphulika. Umamanga kansalu kofewa kuchingwe n'kukadutsitsa mumpope, kuyambira kumbuyo kukatulukira kukamwa, kenako kena, kenanso, mpaka komaliza katuluke koyera.

"Mayi a mwana, tandipatsani thewera limodzi."

Thewera! Ku Mzuzu, mawawa osakata sabata yonse. Matewera ndinkayanika Lolemba, Lachitatu adakali chinyowere, mwana ali ndi zilonda m'mphechepeche. Ndinakana. Ndinati afune chigamba china, ine n'kubereka mwana kupita kokagula makala.

Pobwera ndinaanula matewera onyowawo n'kulowa nawo pabalaza. Pansi panali mbwee tizigamba takuda ndi girisi. Ndinatola kamodzi. Khutu. Kena, chibwano.

Amayi tonse tinali ndi nsalu za chipani zokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, zovala povina akabwera. Nsaluyo ikasuluka sunkaitaya, sunkakolopera, ngakhale kuberekera mwana sunkayerekeza, kuopa angaikodzere. Unkangoipinda n'kuika pansi pa dengu. Yanga yakale inali pamenepo, ndipo bambowo anaidula ili chipindire.

"Bambo a mwana, mwaona chimene mwadula?"

"Ndimayesa chigamba," anatero, maso ali pamfuti. "Koma vuto si limenelo. Chingwe chaduka. Kansalu kena ndinakulitsa, katsakamira m'kati."

Vuto si limenelo! Ine, mayi wa satifiketi ya uphunzitsi yongogona m'sutikesi, ndinagwada pasimenti n'kuyamba kulumikiza nkhope ngati masewera a ana a sukulu. Zonse zinapezeka, kupatula diso limodzi. Diso linali mumpope.

"Odi kuno!"

Anali mayi a nyumba yoyandikana nafe, wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu. Ndinaunjika matewera onyowa pamwamba pa tizigamba tija, n'kukhala pambali pake.

"Mwatandala uli, mama?" anandipatsa moni wa kwawo. "Iii, nyumba yanunkha ngati galaja! Adada, ndiye mfuti yiweme chomene, yokongoladi. Tabweretsani ndisuzumireko, sindinaonepo m'kati mwake."

Mwana kumbuyoku anali atayamba kulira.

"Mfuti sasuzumira kukamwa, mama," anatero bambowo mofatsa.

Mayiwo anaseka. "Yewo, ndisafe ndisanaone adzukulu. Imwe mama, Lolemba tikuyeserera magule. Muvale nsalu yatsopano ija. Ndipo matewera saunjika chomwecho, achita nkhungu. Ndikuyanikireni?"

"Ayi, yewo, ndiwachapanso."

Atatuluka ndinasonkha mbaula n'kuotcha tizigamba tonse. Girisi anathandiza, tinapsa msanga. Ndikubwerera pabalaza ndinapeza bambowo akuvala jekete.

"Mukupita kuti?"

"Kwa wosunga zida wa kuntchito. Ali ndi ndodo ya mkuwa yokankhira. Sabwereketsa, amachotsa yekha."

"Ndiye akakankha, chigwere patebulo pake n'chiyani?"

"Chakuda ndi girisi, sangachizindikire."

"Ine ndazindikira khutu!"

Anandiyankha za mizere. Akuti m'kati mwa mpope muli mizere yopota imene imaongola chipolopolo, ndipo chitsulo chikaikanda, mfuti siyiiwala, imayamba kuphonya. Ankalankhula modekha ngati ali m'kalasi. Ine ndinkaganiza za bambo wina wa mumzere wathu, amene anamutenga pa galimoto chifukwa cha mawu a pamowa, mkazi wake n'kutsala akugulitsa mipando. Ndinkaganiza za mwana wanga. Mutu unkandiwira. Munthu angaope bwanji kukanda chitsulo kuposa ndende?

Ndinatuluka, n'kumasula waya woyanikira zovala. Anandiona ndikuuwongola pabondo.

"Mayi a mwana, musayerekeze."

"Gwirani mwana."

Sindikudziwa chifukwa chake anamulandira. Mwina anazolowera kuti chopatsidwa salola chigwe. Mfutiyo inalibe chipolopolo, chotsekera chakumbuyo anali atachotsa kale. Ndinaipanira m'miyendo, n'kulowetsa waya kukamwa. Unalira kwee, bambowo n'kutsinzina ngati ndawabaya iwo. Ndinakankha, waya n'kupindika. Ndinauwongola, n'kukankhanso ndi mkwiyo wonse wa sabata ya mawawa. Kansalu kanagwera pamphasa. Nditakatambasula, diso linali bwinobwino, loonekeratu kuti ndi la ndani. Ndinawaonetsa ndisanaliponye pamoto.

Kenako ndinatenga thewera louma lokhalo limene ndinali nalo, n'kulidula ndekha. Anatsiriza nalo ntchito yawo, komaliza kanatuluka koyera. Atalozetsa mpope pawindo anandiitana. M'kati munkawala ngati galasi, koma cha kukamwa kunali kamzere koongoka, kodula mizere yopota ija.

Palibe anabwera kudzatitenga. Lolemba ndinakavina. Koma mpaka lero, bambowo akabwera kuchokera kutchire ataphonya nguluwe, sakalipa ayi. Amangokhala pansi n'kunena kuti, "Imakokera kumanzere." Ndipo amandiyang'ana.

Iwo amati wosunga zida uja anali munthu wabwino, sakananena. Mwina. Ine sindinkamudziwa, ndipo masiku amenewo ubwino wa munthu sunkaoneka pamphumi. Inu mukanakhala ine, mwana ali kumbuyo, diso lili mumpope, mukanawalola avale jeketeyo n'kupita?