Zithunzi za a Mbewe pa chingwe choyanikira zovala

Loweruka lapitali ndinapita pa Boma kukagula mankhwala opopera kabichi kudimba kwanga. Potuluka m'sitolo ndinapeza mnzanga wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, akukhoma chipepala pamtengo wa mango. Chipepalacho chinkati mu holo muli chionetsero cha zithunzi zakale za anthu a m'boma lino, ndipo kulowa ndi ulere.

Ndiulule ndekha musanamve kwa ena. Funso langa loyamba linali lakuti, “Nanga akupereka chiyani?”

Mnzangayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nandiuza kuti kulibe alawansi, kulibe zakumwa, kulibe nsalu ya chipani. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anandikokera ku holo.

Mkatimo munalibe zokongoletsa. Anangomanga chingwe choyanikira zovala kuchokera pawindo lina kufika pa lina, mizere ingapo, n'kupanapo zithunzi ndi mapegi. Pakona panakhala mwini wake wa zithunzizo, a Lufeyo Mbewe, bambo wachikulire wovala jekete yothethekathetheka m'zigongono.

Achinyamata simungawadziwe. Kale a Mbewe ankazungulira pa njinga m'maesiteti a fodya a ku Chiosya ndi cha ku Guilleme, kamera ili pakhosi, kujambula matenanti ndi mabanja awo. Filimu ankakatsukitsa ku Lilongwe, ndipo zinkatenga masabata. Nthawi zambiri pobwerera ndi zithunzi ankapeza nyengo ya fodya yatha, lole yabwera, eni zithunzi apita kwawo kapena asamukira ku esiteti ina. Iwo anandiuza kuti sankatha kutaya nkhope za anthu kudzala, choncho ankangoziponya m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Zinakhala m'menemo zaka ndi zaka mpaka mnzanga mphunzitsi uja atawanyengerera kuti azitulutse.

Poyamba tinkangoseka. Wina anazindikira kuti amuna onse m'zithunzimo avala wotchi yofanana, ndipo aliyense wapinda dzanja kuti ionekere bwino. A Mbewe anavomera kuti wotchiyo inali yawo, ankabwereketsa pojambula, ndipo sinayendepo chiigulireni. Tinaseka mabuluku otambalala kumapazi. Tinaseka wailesi yonyamulidwa ngati khanda.

Kenako munalowa amayi awiri. Wamkuluyo ndimamudziwa, ndi mayi Namakhwa amene amagulitsa nthochi pamsika. Winayo anali mwana wawo Rozi, wokwatiwa kale, ali ndi khanda kumsana. Ndikuganiza anangolowa kuthawa dzuwa, chifukwa dengu la nthochi analisiya pakhomo.

Anayenda mzere woyamba akuseka nafe. Pa mzere wachiwiri mayi Namakhwa anaima. Sanakuwe, sanalire. Anapukuta manja pachitenje, n'kuyandikira chithunzi china mpaka mphuno kutsala pang'ono kuchikhudza. Chinali cha bambo wamtali woonda, ataima kutsogolo kwa chigafa, fodya akulendewera kumbuyo kwake.

“Rozi, bwera kuno,” anatero motsitsa mawu. “Bambo ako awa.”

Pambuyo pake ndinamva kuti bamboyo anamwalira Rozi asanayambe kuyenda. Moyo wake wonse ankangomva kuti anatengera mphumi ya bambo ake, koma mphumiyo anali asanaionepo. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chili pamphumi pake. Kenako anamasula chitenje, nabweretsa khanda kutsogolo, n'kulilozera chithunzicho ngati kuti lingamve kanthu.



Mayi Namakhwa anatambasula dzanja kuti achotse pegi. Mnzanga mphunzitsi anathamangira pomwepo, chifukwa lamulo limene anagwirizana linali lakuti zithunzi zionedwe ndi maso okha. Anayamba kufotokoza mwaulemu kuti aliyense akatenga chake, mawa pachingwe padzakhala popanda kanthu. Sankanama. Koma mayiwo sanachotse dzanja pa pegi, ndipo ife tonse tinasowa poyang'ana.

A Mbewe anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo.

“Asiyeni, aphunzitsi,” anatero. “Chithunzicho ndi chawo. Ine ndimangowasungira, ndipo ndachedwa nacho kale.”

Anati filimu yake akadali nayo, adzatsukitsa china choika pachingwe. Koma anapempha chinthu chimodzi: mayiwo anene kuti munthu wa pachithunziyo anali ndani, kuti aphunzitsi alembe m'kope.

Mayi amene ndimawadziwa ndi mawu awiri okha, “Nthochi, bambo,” analankhula pamaso pa gulu pafupifupi theka la ola. Anati mwamuna wawo dzina lake linali Fakisoni. Anachokera ku Phalombe pa lole, atakhala pamwamba pa katundu, mayiwo ali ndi pathupi. Anati a Fakisoni ankadziwa mtundu wa fodya pongomukhudza ndi zala, moti akapitawo ankawaitana pakakhala mkangano posankha masamba. Ankaimba banjo ya chigubu imene anapanga okha. Jekete ya pachithunziyo inali yobwereka, n'chifukwa chake manja ake anathera pamwamba. Anadwala chifuwa m'nyengo ya mvula, ndipo anaikidwa kumanda a alendo kuseri kwa esiteti, popanda m'bale aliyense wochokera kwawo. Mayiwo sanabwererenso ku Phalombe. Anati sakanasiya manda okha.

Atamaliza, anthu anamasuka. Uyu akuloza mchimwene wake, uyo akuloza mzamba amene anabadwitsa ana theka la esiteti. Cholembera cha aphunzitsi chinatha, ndinawabwereka changa.

Tsono ndifunse, abale anga. Kusukulu tinaloweza kuti Boma lathuli kale linkatchedwa Fort Manning. Tinaloweza mayina a azungu ndi a akuluakulu ena. Koma ndi buku liti limene linalemba za anthu amene anabwera pa malole kuchokera ku Phalombe, ku Thyolo, ku Mzimba, kudzaweramira fodya amene tinkanyadira kuti ndi chuma cha dziko? Ana awo ndi amene tikugula nawo pamsika, tikupemphera nawo, takwatirana nawo. Mbiri ya Mchinji ingakhale yathunthu bwanji popanda a Fakisoni?

Amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi tikukumbuka kuti pakhoma la ofesi iliyonse ndi sitolo iliyonse pankapachikidwa nkhope imodzi yokha. Masiku ano nkhope zachuluka, makamaka chisankho chikayandikira, zomatidwa pamitengo ndi pamilatho. Koma iliyonse ya nkhope zimenezo ikufuna voti yanu. Loweruka lija kanali koyamba kuti ine ndione holo yodzaza nkhope za anthu wamba, zosapempha kalikonse.

Ndipo tisabisane, matenda amene ndinawaonetsa pansi pa mango aja si anga ndekha. Chibwerereni ufulu wa zipani zambiri taphunzitsana kuti kukhala pansi n'kumvetsera ndi ganyu. Msonkhano wa chitukuko, envulopu. Maphunziro a zaumoyo wathu womwe, envulopu. Wandale akabwera, nsalu ndi ndalama ya sopo. Tafika poti chinthu chaulere timachikayikira, timati mwina n'chopanda pake, kapena pali msampha.

Koma pofika masana holo ija inali itadzaza, ena akusuzumira pamawindo, popanda galimoto yokatenga anthu, popanda chimkuzamawu. Amene anakonza ndi nkhalamba imodzi ndi mphunzitsi mmodzi amene anasesa yekha holo m'mawa n'kubwereka chingwe kwa mkazi wake. Sanadikire bungwe lochokera ku Lilongwe. Sanalembe kalata yopempha thandizo. Sanaitane mlendo wolemekezeka woti tizimudikira maola atatu padzuwa. Anthu otere sitiwaimbira nyimbo, koma ine chipewa ndawavulira.

Potseka, ndinathandiza kuchotsa zithunzi pachingwe. Zimene zinapeza mayina tinaziika mulu wake, zosadziwika mulu wakenso. Mulu wa zosadziwika unali waukulu kuposa unzakewo. A Mbewe sanadandaule. Anati eni ake ambiri sangakwanitse kufika pa Boma, choncho Lamulungu likubwerali amanga bokosi lawo pa njinga kupita nalo ku Chiosya, akapachike chingwe pansi pa mtengo anthu akamatuluka m'mapemphero. Maso awo ayamba kuchita khungu, ndipo chiswe chalawa kale ngodya imodzi ya mtolo wina, ndiye akuti alibe nthawi yodikira.

Chomaliza kulowa m'bokosi chinali cha mtsikana wina atakhala pa belo la fodya, nsapato zake zatsopano atazigwira m'manja m'malo mozivala, akuseka kwambiri moti chithunzicho chinagwedezeka pang'ono. Tsiku lonse anthu anachidutsa, palibe anamudziwa. Kuseri kwake a Mbewe analemba mawu amodzi okha kalekale ndi pensulo: “Abwera.”

Inu a ku Chiosya, mukatuluka m'tchalitchi musathamangire kunyumba. Tengani amayi anu, tengani azakhali anu amene anasokapo fodya m'zigafa, mukaime nawo pachingwepo. Mtsikana ameneyu ali ndi dzina, ndipo pali wina pakati panu amene akulidziwa. Mukufuna chiswe chimupeze inu musanafike?