Ngalande imene ndinakwirira

Lachitatu m'mawa mvula itakata, ndinaona a Zimba, anansi anga a kumunsi, atapinda buluku mpaka m'maondo, akuyeza madzi ndi ndodo mumsewu wathu kuno ku Mtunthama. Madziwo anali atadzaza kuchokera pachigayo mpaka pakhomo pawo.

"Mwadzuka bwanji anthu a kunyanja?" ndinafuula. "Usipa ukupita pa zingati lero?"

"Tawuka makora, a kumapiri," anayankha m'Chitumbuka chakwawo. "Anyani sanakuthereni chimanga kumeneko?"

Nthabwala imeneyi ndi yakale. Kuno dziko ndi lathyathyathya ngati mphasa, moti kachitunda komwe ndinamangapo nyumba, kongoposa chulu pang'ono, timakatcha phiri. Timatsutsananso za njira ya kumsika. Ine ndimati yodzera kutchalitchi ndiye yabwino. Iwo amati imeneyo ndi ya anthu ofuna kuonetsa nsapato, yachidule ndi ya kudambo.

Ndikuseka choncho, a Zimba anabwerera kunyumba. Potuluka anali atabereka akazi awo, a Nyagondwe. Mayiwa ali ndi matenda a shuga, ndipo kuphazi kwawo kuli bala lomwe adokotala anati lisanyowe. Linali tsiku lawo lokalandira mankhwala.

Bambo wa imvi, mkazi wake kumsana, miyendo ikutitimira m'matope. Kuseka kunandithera.

Ndinathamanga kukawagwira mkono mpaka tinafika pouma. Potsika, a Nyagondwe anandithokoza, kenako anati motsitsa mawu, "Kale madziwa sankafika kuno, bambo. Ankadzera kuseri kwa chigafa chanu."

Ndinamva zimene ankatanthauza.

Dzinja la dzana ndinakwirira ngalande ya kuseri kwa chigafa changa kuti ngolo izifika bwino ndi fodya. Madzi saiwala khwawa, koma ukawatsekera amafuna lina, ndipo lomwe anapeza ndi khomo la a Zimba. Ndikukumbuka tsopano kuti chaka chomwecho anandiuza, "A kumapiri, mwatitumizira nyanja yaulere!" Ine ndinaseka mpaka misozi. Ndinkayesa nthabwala chabe.

Kodi si mmene timakhalira ambirife? Kudandaula maso ndi maso timakuopa, poti munthu yemweyo ndi amene adzakukumbire manda. Choncho dandaulo timalikulunga m'nthabwala ngati mankhwala owawa m'nthochi. Wolakwayo amadya nthochi, mankhwala n'kulavula.

Ndipo msewu ukasefukira timathamangira kunena a khonsolo. Nthawi zina n'zoona, achedwa kuika kalavati yodutsitsa madzi pansi pa msewu. Koma yendani m'dera lanu mvula ikagwa. Uyu wamanga mpanda panjira ya madzi, uyo amataya zinyalala m'ngalande, wina waumba njerwa m'mbali mwa msewu n'kusiya dzenje. Aliyense amangoonetsetsa kuti madzi achoke pakhomo pake. Komwe apite, mwini wake adziwa.

Madzulo ake ndinatenga khasu n'kuyamba kufukula ngalande ija. Posakhalitsa a Zimba anabwera ndi lawo. Tinakumba mpaka dzuwa kulowa, ndipo tinayala mitengo pamwamba kuti ngolo izidutsabe. Ntchito ya tsiku limodzi lokha, imene banja lija linaidikira madzinja awiri.

Bala la a Nyagondwe silinanyowe, ndipo akuti likuuma. Ine chikundisautsabe n'chakuti anachita kufika poberekana kuti ndimve.

Nanga inu, ndi nthabwala iti imene mnansi wanu wakhala akuibwereza chaka ndi chaka, inu n'kumangoseka?