Ngaka Yoyenda ndi Miyendo Iwiri

Pawindo la chipinda changa pali kanyama kadothi, kofiira ngati njerwa, kosatalika kuposa chikhatho. Mchira wake unabenthuka kunsonga tsiku limene mwana wanga anakagwetsa, ndipo ndinamukalipira kuposa kukula kwa mlandu wake. Alendo akakaona amati ndi buluzi, ena amati ndi ng'ona imene woumba wake anaitopera panjira. Ndimawayankha modekha kuti ndi ngaka, koma mumtima ndimawaseka. Sadziwa kuti kanyama kameneka kanachititsa aphunzitsi anga kusintha tchati chawo pamaso pa kalasi yonse.

Chaka chimenecho ndinali sitandade 4, kwathu kwa Kaduya. Chilimwe chitafika, amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anapeza ganyu youmba ndi kuwotcha njerwa pafupi ndi njira yathu ya kusukulu. Anali munthu wamtali, wa mawu ochepa, ndipo m'kalasi anali asanalowemo ngakhale tsiku limodzi. Paunyamata wawo ankasaka nyama m'phiri la Michesi, koma pamene ine ndinkazindikira n'kuti atasiya kalekale. Agalu anagawa, misampha inkachita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe.

Poweruka ndinkaima pankhuti pawo kuti ndichedwe kukafika kunyumba, kumene mbale ndi mtsuko zinkandidikira. Tsiku lina akupuma pamthunzi, anakokota dothi lotsala m'chikombole n'kuyamba kulifinya ndi zala, maso atatsinzina. Ndinkayesa akusinza. Atatambasula dzanja, panali kanyama konenepa, kopanda mchira, kokhala chonjuta ngati kakuwothera dzuwa pamwala. Anati ndi mbira. Nditatambasula dzanja langa kuti ndilandire, iwo anabweza lawo.

"Uyambe wandiuza chimene imadya, kumene imagona, ndi phazi lake," anatero.

Limenelo ndilo linakhala lamulo la chilimwe chonse. Nyama iliyonse ankandiuza za iyo akuiumba, kenaka ankaiumitsa pamthunzi, n'kuiika m'phale ndi kuilowetsa mu uvuni pamodzi ndi njerwa za eni ake. Tsiku lopasula uvuni ndilo linali la mayeso. Ndikayankha bwino, nyamayo inkakhala yanga. Ndikaphonya, inkabwerera m'thumba la malaya awo mpaka mawa. Mpaka lero ndimakumbukira kufunda kwake m'manja, fungo la utsi ndi dothi lopsa, ndiponso kulira kwake ukaigogoda ndi chikhadabo, ngati kapu.

Amayi anandipatsa chitini chakale cha mabisiketi, ndipo ndinayalamo sanza. Mbira itangokhalamo yokha sabata ziwiri, kunabwera gwape wa katsumba ka ubweya pakati pa nyanga. Nungu inatuluka mu uvuni ili ndi timabowo tokhatokha, amalume n'kusomekamo minga ya mthethe. Anandiuza kuti zoti imalasa munthu ali patali n'zonama, imangothamanga chambuyo n'kukubaya. Chiuli anachipaka phulusa pamsana. Njiri ndi nguluwe zinandivuta masiku atatu, mpaka ndinagwira kuti njiri imadya itagwada ndipo pothawa imaimika mchira, pamene nguluwe mchira wake umangolendewera. Kambuku anaphulika pamoto kawiri, kachitatu ndiye anatuluka wamphumphu. Dzina la nyama iliyonse ankayamba kulitchula m'Chilomwe, kenaka m'Chichewa. Mayina a Chilomwewo ndinawataya onse, ndipo ndilibe womunamizira. Ndinkachita nawo manyazi, poopa kuti anzanga anditcha wakumudzi, ngati kuti iwowo ankachokera kwina.

Anyamata a m'kalasi mwathu ankaumba ng'ombe za linunda, zongoumitsa padzuwa, zimene zinkasungunuka zikangodonthedwa ndi madzi. Poyamba ankandiseka kuti mtsikana amasunga zidole za ana, osati zilombo. Ataona nungu, kuseka kunatha, anayamba kundinyengerera ndi nzimbe ndi mpira wachikulunga kuti tisinthane. Sindinalole ngakhale imodzi. Wofuna kugwira ankayamba wasamba m'manja ndi kuyankha mafunso atatu aja. Matama ndinali nawo, sindikana, ndipo ndikayang'ana m'mbuyo sindiona chifukwa chowapepesera.

Ngaka ndiyo inali yomaliza, ya khumi ndi chiwiri. Inawatengera amalume masana atatu. Mamba ake ankawadinda limodzilimodzi ndi chikhadabo cha chala chachikulu, kuyambira pamutu mpaka kumchira, osatsegula maso. Anati ilibe dzino ngakhale limodzi, imangotulutsa lilime lalitali n'kunyambita nyerere ndi chiswe. Ikaopsezedwa imadzipinda n'kukhala ngati nkhata, ndipo mwana wake imamubereka patsinde pa mchira. Koma chimene chinandisangalatsa koposa chinali kaimidwe kake. Anaiumba ikuyenda ndi miyendo yakumbuyo yokha, yakutsogolo itapindidwa pachifuwa, mchira utatambalala kumbuyo kuti isagwe chamutu.

Chakumapeto kwa teremu, aphunzitsi athu analengeza kuti kudzakhala tsiku loti makolo adzaone ntchito za ana, ndipo aliyense abweretse chaluso. Aphunzitsiwa anali mnyamata wochokera kuchigawo chapakati, wakhama, wokonda kujambula matchati ndi manja awo. Pakhoma panali tchati chawo cha nyama za m'Malawi, chimene anakopera m'buku, ndipo pakona pake panali ngaka itakwawa ndi miyendo inayi. Nditatsegula chitini changa patebulo pawo, anasangalala zenizeni. Ankanyamula imodziimodzi, kuitembenuza, kundifunsa, ine n'kumayankha ngati ndikulakatula. Atafika pa ngaka anaima, n'kuyang'ana kukhoma.

"Iyi yokha yalakwika. Woumba anaiwala kufikitsa miyendo yakutsogolo pansi," anatero. "Zoyenda ndi miyendo iwiri ndi munthu ndi mbalame."

Mnyamata wina kumbuyo anati mwina amalume anga anaumba atalawa, ndipo kalasi yonse inafa ndi phwete. Amalume sankamwa n'komwe. Aphunzitsi analetsa phokosolo, koma chigamulo chawo sichinasinthe: nyama khumi ndi imodzi zidzakhala patebulo, ngaka itsale kunyumba, pokhapokha itaumbidwa ina yolondola. Anati sangaonetse makolo chinthu chosemphana ndi buku.

Amayi sanafune kumva zambiri. Anati aphunzitsi anawerenga mabuku, nanga iwe wawerenga chiyani, ndipo anandichenjeza kuti ndisawabweretsere milandu ya kusukulu. Ndinathamangira kunkhuti ndili ndi chikhulupiriro kuti amalume akwiya, avala malaya, tipita limodzi kukatsutsa. Iwo anamvetsera akuponda dothi, osaleka. Pomaliza anangoti amene anajambula m'bukumo anaiona ili yakufa. Kenaka ananena mawu amene anandipweteka kuposa kuseka kwa kalasi kuja.

"Usavutike. Ndikuumbira ina ya miyendo inayi, ukasangalatse aphunzitsi."

Ndinalira pomwepo, misozi ya mkwiyo. Munthu amene anandibweza masiku atatu chifukwa cha mchira wa njiri, lero anali wokonzeka kuumba bodza ndi manja ake omwe, chifukwa choti wotsutsayo anali wovala tayi. Panopa ndimamvetsa kuti moyo wawo wonse anazolowera kupatukira anthu ophunzira, ndipo sankaona chachilendo. Koma ine ndinaona kuti ngaka ya miyendo inayi ikangolowa mu uvuni, ndiye kuti kalasi ija inaseka zoona, ndipo zina zonse za m'chitini zisanduka nthano. Ndinawauza kuti akaumba ndikaiponya m'chitsime.

Tsiku la makolo linafika kukutentha, fumbi lili koboo pabwalo. Amalume sanabwere, anati uvuni sungasiyidwe. Matebulo anawandandalika pakhonde: mphasa zazing'ono, zipande, madengu, magalimoto a mawaya. Nyama zanga khumi ndi imodzi zinapatsidwa tebulo lapakati, pansi pa tchati chija, chimene anachitulutsa n'kuchipachika pamsomali. Ngaka inali m'thumba la yunifolomu yanga, ikundigunda pantchafu ndikamayenda. Aphunzitsi atapita kukalandira alendo kumsewu, ndinaitulutsa n'kuiimika patsogolo pa zinzake zonse. Ndinkadziwa kuti chibalo chokumba dzenje la zinyalala chikundidikira, mwinanso kuitanitsa amayi.

Pobwerera, aphunzitsi anaiona asanafike n'komwe. Anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala, n'kufulumira kuti aichotse. Koma anapeza ili kale m'manja mwa bambo wina wokalamba, wa chipewa chong'ambika ndi ndodo, amene anabwera kudzaona dengu la mdzukulu wake. Bamboyo anaiyandikitsa kumaso, anaisisita mamba ndi chala, n'kundifunsa kuti waumba ndani. Ndinati amalume.

"Amalume akowo anaiona ikuyenda," anatero.

Aphunzitsi anayesa kufotokoza mwaulemu kuti mwanayu analetsedwa, chifukwa miyendo yalakwika, ndipo analoza tchati. Bamboyo anayang'ana tchaticho kanthawi, n'kupukusa mutu. Anapatsira mdzukulu wake ndodo, anawerama, anapinda manja pachifuwa, n'kuyamba kuyenda pakhondepo pang'onopang'ono, mutu uli pansi, akudendekera uku ndi uku. Anthu anasiya matebulo ena onse. Amayi ena ogulitsa zitumbuwa anaseka mpaka kugwira m'nthiti, n'kunena kuti ndi momwemo ndithu, iwo anakumana nayo ali mtsikana kokatola nkhuni, ili ndi mwana kumchira, ndipo anataya mtolo poyesa kuti ndi kamunthu. Bambo winanso anati anaiona kalekale kumunda kwa malemu atate ake, ndipo mapazi ake pamchenga amaoneka awiri okha. Aliyense wa imvi anali ndi yake yonena, ena m'Chichewa, ena atatembenukira ku Chilomwe osazindikira.

Aphunzitsi anaima pakati pawo, choko chili m'manja, akumvetsera. Anafunsa bambo uja kawiri ngati anaiona ndi maso awo. Kenaka anatenga ngaka ija n'kuibwezera patebulo, pamalo pomwe ndinaiimika paja. Amayi, amene anaona zonsezi ataima kumbuyo, pobwerera anandinyamulira chitini pamutu ngati mtsuko, ndipo aliyense amene tinakumana naye panjira anauzidwa kuti woumba ndi mlongo wawo.

Lolemba m'mawa tinapeza pakona pa tchati pamatidwa pepala loyera. Aphunzitsi anandipempha ngaka, anaiika patebulo, n'kuijambula papepalapo ife tikuonerera, miyendo yakutsogolo ili pachifuwa. Atamaliza anatembenuka n'kuuza kalasi kuti wolakwa anali iwo, osati amalume anga. Aphunzitsi ambiri andiphunzitsa kuchokera pamenepo, ena a madigiri, koma amene ndinawamvapo akunena mawu amenewa pamaso pa ana ndi okhawa. Chibalo sanandikhululukire, poti kusamvera kunali kusamvera ndithu: ndinasesa kalasi sabata yathunthu. Sindinasesepo mokondwa chotero moyo wanga wonse.

Lachisanu lake anandiuza kuti ndiwaperekeze kunkhuti. Amalume atationa tikubwera anasokonezeka, anayamba kupukuta manja pakabudula, koma aphunzitsi anawagwira chanza matope ali pomwepo. Anakhala pamulu wa njerwa n'kutulutsa kope, ndipo kwa nthawi yaitali wofunsa anali wa tayi, woyankha anali wopanda nsapato. Ine ndinakhala pambali chitini chili pamiyendo. Ndikanakonda mnyamata wa kumbuyo uja akanadutsa.

Aphunzitsi atapita, ndinaona kuti nthawi yabwino yopempha ndi imeneyi. Ndinauza amalume kuti sukulu ikatsekera anditengere kuphiri, ndikaone ngaka yamoyo, ndi chiuli, ndi kambuku ngakhale patali. Iwo n'kuti akulonga nkhuni pakamwa pa uvuni watsopano, zikuni zikuluzikulu zimene ngolo inatsitsa m'mawa kuchokera kuphiri komweko. Anapitiriza kulonga mpaka ndinabwereza.

"Imene ili m'chitiniyo uisunge bwino," anatero, osandiyang'ana.

Ndinanyanyala. Ndinkayesa akundikaniza chifukwa ndine mtsikana, kapena ayamba ulesi wokwera phiri, ndipo ndinalumbira kuti ndikakula ndidzapita ndekha. Ngolo za nkhuni zikamadutsa ndinkakondwa, chifukwa kwa ine uvuni wina unkatanthauza nyama ina. Sindinaone kuti okalamba onse aja pakhonde ankati "ndili mtsikana", "kalekale", ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anati chaka chatha. Phirilo ndinadzalikwera ndithu nditakula, kangapo konse, ndipo ndinaona mbira ndi anyani basi. Tsiku lija pankhuti sindikanatha kumvetsa kuti zambiri mwa nyama za m'chitini changa zinali zitatha kale m'phirimo, ndiponso kuti amalume ankatsinzina poumba chifukwa kunalibenso kwina kokaziyang'ana.