Malaya a Tizidutswa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinabwereketsa malaya a munthu wakufa. Ndikamatero anthu amaseka, poganiza kuti ndi nkhani zanga zapamsika zija zokopera ogula. Nanenso ndimaseka nawo, koma kuseka kwake sikufika m'mimba.

Ababa anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina ku Old Town, ife tikukhala ku Mchesi m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Ankadziwika ndi malaya awo amene anasoka okha ndi tizidutswa totsala pansalu za makasitomala. Apa kachitenje ka maluwa, apa kayunifolomu ya sukulu, kolala yochokera pa diresi la ukwati wa munthu wina. Ena ofanana nawo kunalibe, ngakhale mutapindula kaunjika yense wa mu Lilongwe.

Malaya amenewa ndiwo anakopa ophunzira awiri a pakoleji ina. Mnyamata wamtali, Madalitso, ndiye ankalamula zonse. Mtsikana, Tadala, ankangoyenda ndi kope ndi foni m'manja. Ankajambula filimu ya mayeso awo omaliza, yoopsa, ya zophana, ndipo ankafuna telala wokapereka suti kunyumba ya bwana, n'kupeza geti lili lotsekula, pakhomo pali zii.

"Ndiye ndikalowa?" ababa anafunsa, ulusi uli kukamwa.

"Mukalowa, madala, akubayani kumbuyo," anatero Madalitso. "Mafilimu amtunduwu amayenda choncho. Woonera akudziwa kuti m'nyumbamo mwabisala munthu, inu simukudziwa. Iye azikuwa kuti musalowe, inu muzilowabe."

"Ndiye kuti mukufuna chitsiru," ababa anatero, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anavomera osafunsa n'komwe kuti apezapo chiyani. Ine zinandiwawa, chifukwa ndinabadwa ndi matenda osalola kuti chinthu chipite chaulere.

Loweruka tinakwera minibasi kupita ku Area 47, kunyumba ya amalume ake a Madalitso. Mpanda wautali, kapinga wometedwa bwino, galu womangidwa kuseri. Asanayambe, Tadala anawazungulira ababa akuwajambula pafoni n'kumalemba m'kope: phukusi kudzanja lamanzere, tepi yoyezera m'khosi, batani lachiwiri lomasula. Ndinamufunsa ngati anali wapolisi.

"Ntchito yanga amaitcha kontinyuwiti," anatero. "Bambo ako akakankha chitseko panja lero, n'kudzajambulidwa ali m'kati tsiku lina, tikalumikiza ziwirizo woonera aziona ngati ndi mphindi imodzi. Batani limodzi likangosintha, bodza lathu lagwidwa."

Ababa anayenda kuchoka pageti kufika pakhomo kasanu ndi kawiri, akuodira mwaulemu nyumba yopanda munthu. Titati tilowe m'kati, magetsi anazima, ndipo nyali zawo zinangokhala zitsulo. Anagwirizana zodzamaliza pakatha masabata awiri.

Lachitatu lotsatira ababa anagwa pamakina, phazi lili pachopondera. Sanadwale, sanadandaule mutu. Pofika kuchipatala anali atatisiya kale.

Tinakawaika kwawo, cha ku Mitundu. Titameta, tinabwerera kutauni pamodzi ndi azakhali, mlongo wawo wa ababa. Iwo ndi amayi sankamwerana madzi chiyambire, ndipo pamaliro pomwepo ndinamva akunong'oneza anzawo kuti munthu wamphamvu zake sangangogwa chabe. Atafika ku Mchesi anapinda okha zovala zonse za ababa, kuziika m'sutikesi, kumanga ndi linya, n'kukankhira pansi pa bedi. Analamula kuti pasapezeke wokhudza mpaka abale atabwera kudzagawa. Anabwerera kumudzi, atanena tsiku lodzabweranso.

Ophunzira aja anandipeza pakhonde ndikubweza nsalu za anthu zimene ababa sanamalize. Tadala ataona mpala wanga anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba. Madalitso anapepesa bwinobwino, kenako anaima akukanda m'mutu. Ndinamuwerenga msanga, monga ndimawerengera wogula amene chinthu chamulowa m'maso koma akuchita ngati akungodutsa. Filimu yawo inali itaima pachitseko. Kubwereza zonse ndi munthu wina, nthawi inali itatha. Wogwira ntchito m'dimba kunyumba kuja, a Mateyu, anali a msinkhu wa ababa, ndipo atawajambula chakumbuyo palibe akanadziwa. Chosowa chinali chimodzi.

Sanandipemphe. Zimenezi ndiziulula, chifukwa zaka zambiri ndinkanena kuti anandinyengerera. Ndinayamba ndine.

"Malaya alipo," ndinatero. "Koma si aulere."

Madalitso anati andigulira tchipisi ndi zakumwa. Ndinamuyang'ana ngati wanditukwana. Ndinati ndikufuna dzina la ababa liyambe kutuluka pa filimuyo, patsogolo pa lake, langa, Yohane, litsatire m'zilembo zazikulu, komanso chimbale changachanga cha filimuyo. Anakana, ndinanyamuka, anandiitana. Tinagwirana chanza. Ndinawonjeza kuti malaya abwerere tsiku lomwelo mmene alili, iye n'kuti palibe vuto. Ndinachoka ndikudzitama kuti ndawafinya ana a pakoleji. Za kubaya kuja ndinali nditazimva ndi makutu anga, koma sindinadzifunse kuti munthu akabayidwa, malaya ake amaoneka bwanji.

Amayi atapita kumpopi, ndinamasula linya, n'kuloweza mmene mfundo yake inalili. Malayawo ankanunkhabe sopo ndi mafuta a makina. Ndinawapinda m'jumbo n'kuthamangira kudepoti.

Ku Area 47 anatseka makatani onse kuti masana aoneke ngati mdima. A Mateyu anavala malaya aja akunyinyirika, atauzidwa kuti mwini wake wapita kumudzi. Tadala anatsegula kope lake, kuwapatsa phukusi kumanzere, tepi m'khosi, kumasula batani lachiwiri. Ine anandiimika kuseri kwa kamera.

"Akishoni!"

Chitseko chinatseguka, kuwala kwa panja n'kulowa, ndipo ababa analowa. Sindikunena mophiphiritsa ayi. Kwa kamphindi kameneko mwendo wanga unasuntha wokha kuti ndikawalandire phukusi. Msana uja ndinkaudziwa kachidutswa kalikonse, chifukwa ndinakula ndikuuyang'ana utawerama pamakina. Unkapita pang'onopang'ono m'kanjira kamdima kopita kuzipinda, ukundisiya, ndipo ndinatsala pang'ono kuitana kuti "Ababa". Anabwereza kanayi. Kanayi konse ndinawaona akulowa, ndipo ndinkalakalaka Madalitso atapezanso cholakwika china.

Kenako anawagoneka a Mateyu chafufumimba pasimenti. Madalitso anatulutsa botolo la madzi ofiira a chidede owiritsa ndi shuga mpaka kulemera ngati uchi. Mmene ndinkakuwa n'kuti atathira kale pakati pa mapewa.

"Usadandaule, mfana, zimachoka," anatero. "Filimu yophana yopanda magazi unaionapo kuti?"

Sizinachoke. Ndinachapa pampopi wa m'dimba mpaka zala kutuwa, koma tizidutswa tija tinamwa mosiyana, ndipo pamsana panatsala banga lalikulu lofiirira, looneka ndendende ngati la magazi akale. Ndinafika kunyumba malaya asanaume, n'kuwalowetsa pansi penipeni pa sutikesi. Mfundo ndinaimanga ndendende mmene inalili. Pamenepo ndiye ndinachita kontinyuwiti yabwino kuposa ya Tadala.

Patapita masiku atatu abale anabwera m'mamawa: azakhali, amalume awo a ababa, ndi ena anayi. Anakhala pamphasa pabalaza. Azakhali anamasula linya n'kumatulutsa chimodzichimodzi, mathalauza, jekete ya kutchalitchi, mpaka fungo la chinyezi linatuluka. Anatambasula malaya aja m'mwamba, n'kuwatembenuza.

Kukuwa kwawo kunasonkhanitsa mzere wonse wa nyumba zathu.

"Si izi! Ndinkanena ine! Mlongo wanga anangogwa? Magazi awa achoka kuti, sutikesi ndinamanga ndekha youma? Mfundo yanga ndi iyi, sinasinthe!"

Amayi anangoti, "Alamu, ine sindikudziwa," n'kukhala pansi pasimenti, miyendo atatambasula ngati mwana. Amalume aja analankhula mofatsa, ndipo kufatsako kunkaopsa kuposa kukuwa. Anati makina, amene tinali titawabweretsa kunyumba, apita kumudzi tsiku lomwelo, ana a malemu sangadyenso chophika mayi ameneyu, ndipo iye ayenera kukaonekera kwa sing'anga kuti zidziwike. Pawindo panadzaza nkhope za maneba amene dzulo lake ankabwereka mchere kwathu. Mawu oti mfiti ndinawamva akuyambira panja, n'kulowa m'nyumba.

Ine ndinali pakona, ndikudziwa zonse. Ine amene ndinkatha kutsutsana ndi kondakitala kuchoka ku Mchesi mpaka kudepoti. Ndinkadziuza kuti ndilankhula akangomaliza amalume, kenako akangomaliza azakhali, kenako ndinayamba kuyembekeza kuti mwina atopa okha. Dzuwa linakwera. Amayi anafunsidwa funso lomwelomwelo kambirimbiri, akuyankha chimodzimodzi, mawu akucheperachepera. Ndinatsegula pakamwa pokhapokha kumzikiti kutamveka kuitana kwa masana, anyamata awiri mwa abale aja atagwira kale makina kuti awatulutse.

"Ndinatenga ndine."

Palibe anakhulupirira. Azakhali anati mwana waphunzitsidwa zonena, ndipo nkhani ya chidede inawapsetsa mtima kwambiri. Ndinathawira kwa aneba kukapempha foni, n'kuimba nambala imene Tadala anandilembera pakapepala. Ndinkalira moti sindikudziwa kuti anamva bwanji. Anafika pamodzi ndi Madalitso, laputopu ili m'chikwama, botolo lija lili m'manja.

Anaika laputopu pampando, anthu n'kuunjikana. Pagalasi panaoneka geti, kenako ababa, amoyo, akuyenda ndi phukusi lawo, akuti "Odi kuno!" Azakhali analira mokweza n'kutambasula dzanja kuti awakhudze. Ababa anafika pakhomo, anakankha chitseko, ndipo chithunzi chinalumphira m'kati, msana uja ukulowa mumdima.

"Imitsani," anatero amayi. "Awa si bambo ake Yohane."

Madalitso anadabwa zenizeni. Anati aphunzitsi awo anaonera kawiri osazindikira kanthu. "Mwaona bwanji, amayi?"

"Bwezani muone. Iwo pakhomo lililonse ankaweramitsa mutu, ngakhale la tchalitchi. Chinawazoloweretsa ndi chitseko chathu chachifupichi. Panjapo ayamba kuwerama. M'katimo mutu uli chilili."

Anabweza. Zinalidi choncho. Tadala anayang'ana kope lake, n'kulitseka.

Kenako anaonetsa zimene anadula: a Mateyu atagona akuseka, Madalitso akuthira za m'botolo, mawu anga akukuwa kumbali. Amayi anali atatuluka kale panja. Azakhali anatenga botolo lija, kuviika chala, kulawa.

"Chidede," anatero.

Kupepesa kunalibe. Anyamata aja anangobweza makina pamalo pake, maneba n'kumwazikana ngati ankangodutsa. Zovala zinagawidwa mwakachetechete. Malaya aja anawatenga azakhali, ndipo sindinafunsepo kuti anakathera kuti. Ophunzira anasunga pangano lawo, chimbale anandipatsa, mayina onse ali mmene tinagwirizanirana. Wina anandiuza kuti anakhoza bwino.

Alendo atapita ndinadikira ndodo. Ndinkaifuna, kunena zoona, chifukwa ndodo imatseka nkhani. Amayi anali kuseri akutsuka makapu amene alendo anamwera tiyi. Ndinaima pambali pawo n'kuyamba kufotokoza, monga mwa luso langa, kuti ndinkafuna dzina la ababa lidziwike, kuti Madalitso anandinamiza, kuti magetsi akanapanda kuzima tsiku lija sizikanachitika. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Za malaya ndamva," anatero, osatembenuka. "Nanenso ndinkafuna kumasula sutikesi ija kuti ndingowanunkhiza. Koma iwe, Yohane, unandiyang'ana kuyambira m'mawa mpaka masana."

Sananenenso za nkhaniyi mpaka tsiku la imfa yawo. Anaphunzira kusoka pamakina aja, anatilera, ndipo tinkaseka limodzi ngati anthu ena onse. Kungoti maneba ena sanabwerenso kudzabwereka mchere, ndipo ana awo ankaitanidwa msanga akamasewera pakhomo pathu. Chimene laputopu inafafaniza m'nyumba, panja chinali chitayenda kale, chifukwa chinapatsidwa m'mawa wonse woti chiyende.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kumasula linya. Tsopano ndine bambo wa ana atatu, ndipo ndikuona kuti kumeneko kunali kupusa kwa mwana wosowa bambo ake, kumene amayi anakukhululukira asanamalize kutsuka makapu. Chimene sichinakhululukike ndi maola aja. Choonadi ndinali nacho m'kamwa, koma ndinkachisunga ngati katundu, ndikudikira kuti mtengo wake kwa ine utsike. Ndinadzachinena ndithu, chonse, osabisa kanthu. Koma pofika masana n'kuti chitachepa mphamvu, ndipo amayi anakhala ku Mchesi zaka zawo zonse zotsala akupatsidwa moni wapatali.