Injini imene tinaipeza yofunda m'mamawa

"Ndiye mudzadya pentiyo, bambo a Shakira, poti boti lija munagulitsa kale."

Amenewo anali anti, Lamlungu lapitali, kuwayankha amuna awo, amalume anga amene kwathu timati amjomba, pakhonde. Amjomba anangoti, "Iwe, thiraki sumaidziwa." Anti akuti, "Thiraki sindiidziwa, koma njala ndimaidziwa bwinobwino."

Ndikufotokozereni kaye. Amjomba akhala akuyendetsa mathiraki a eni kuyambira ine ndisanamere mano. Chaka chino anagulitsa boti, injini yake ndi makoka zimene agogo anawasiyira ku Monkey Bay, kuti agule thiraki yawoyawo. Ndalamazo zikukwana thiraki yakale, imodzi, kamodzi kokha. Akalakwitsa, kunyanja kulibenso kobwerera.

Zogulitsa zinalipo ziwiri. Ina yoyera, ili pa boma, yobwera pasitima kuchokera ku Ulaya. Ina yobiriwira, ya Che Ndala a ku Mpondasi, dalaivala wokalamba amene maso ayamba kumuvuta. Yobiriwirayo mita yake yawerenga makilomita oti mukhoza kupita kumwezi, kubwerako, n'kutsalabe ofikira ku Makanjira.

Ine ndinali mbali ya yoyera. Abale, munalowamo inu muthiraki ya bedi? Kuseri kwa mpando kuli bedi, makatani, ndi kafiriji kake. Chilembereni mayeso a Fomu 4 ndilibe chochita, ndiye masana onse ndimakhala pansi pa mango, thupi lili ku Mangochi koma mzimu uli m'thirakimo. Tawoloka Shire, mphepo ikulowa pawindo. Tadutsa Chiponde, apolisi akutibayibitsa. Kenako Nacala, madzi amchere, sitima zazikulu zoti mudzi wonse wa Chembe n'kulowamo ndi mbuzi zomwe. Ine ndagona pabedi paja, phazi lili pawindo, amjomba akundifunsa ngati firiji ikuziziritsa bwino.

Amjomba nawonso mtima unali komweko, ngakhale sankanena. Munthu wagona pansi pa thirela zaka zonsezi, bedi angalikane?

Lolemba anandiuza kuti, "Mawa tikangoswali m'bandakucha, tikaione yoyera ija. Usauze munthu."

Pamenepa m'pamene ndinalakwitsa. Kwathu anatilera kuti pakhomo pa munthu sungotulukira ngati njoka, umayamba watumiza mawu. Ndiye ine, mwaulemu wanga wonse, ndinamulembera mwana wa mwini thiraki kuti tikubwera 6 koloko.

Tinakapeza thiraki yatsukidwa mpaka ndinadziona ziphuphu pachitseko. Matayala apakidwa polishi. Tiyi ali patebulo, mandasi ali m'mbale. Mwini wake akuti, "Takulandirani, achimwene, ilizeni mumve nokha."

Amjomba kiyi sanamulandire. Bedi sanaliyang'ane n'komwe. Anagwada kuseri kwa tayala lakutsogolo, n'kulowetsa dzanja mkati, n'kugwira injini monga mayi amagwirira mwana pachipumi.

"Yadzuka kale iyi," anatero.

"Ayi, tinangoisuntha pang'ono kuti titsuke."

"Chabwino. Tibweranso Loweruka."

Tili panjira anandifunsa kuti ndinauza ndani. Ndinayesa kuloza mbalame, sizinathandize. Ndiye anandiuza zimene anaphunzira ali mnyamata kudoko. Injini ya boti sugula masana. Umapita m'mawa, itagona usiku wonse, chifukwa injini yofunda imalira ndi chingwe chimodzi ngakhale ili pafupi kufa. Yozizira ndiye imakuuza matenda ake.

Lachitatu, osati Loweruka, anandidzutsa okha. "Bweretsa foniyo." Anaiika m'thumba la kanzu yawo, tinanyamuka.

Tinampeza mwini thiraki ali ndi mswachi mkamwa. Injini ili zii ngati mtsuko. Amjomba anapotokola kiyi. Inakhosomola. Anapotokolanso. Inakhosomola ngati agogo osuta chingambwe. Kachinayi inalira, koma utsi woyera umene unatuluka, ndikhulupirira ku Namwera anaanula zovala poganiza kuti kukubwera mvula. Bedi langa, makatani anga, firiji yanga, zonse zinali mkati mwa utsiwo.

Kuchoka apo tinalunjika ku Mpondasi. Che Ndala tinawapeza akusesa. Yobiriwira ili pansi pa mtengo, mbalame zaichita zoichita, mpando anausoka ndi thumba la feteleza, thirela yake yachita dzimbiri m'mbali. Amjomba anagwira injini, yozizira. Kiyi kamodzi, inalira, mawu ake okhuthala, osathamanga.

"Giya yachitatu imadandaula," anatero Che Ndala tisanawafunse. "Oyilo imamwa pang'ono, uzimuyang'ana m'mawa uliwonse. Chitseko cha uko chimatsegulidwa ndi kunja. Zina zonse ndasinthapo ndekha, ndikuuza chimodzichimodzi."

Anafotokoza mpaka dzuwa kutentha. Ine ndinakalamba ndi zaka zitatu nditaimirira pomwepo.

Chichokereni kumeneko ndakhala ndikuganiza. Kodi ife kuno timaona liti chinthu chisanafunditsidwe? Kusukulu kwathu tinkadziwa kuti kukubwera oyendera chifukwa mawindo ankatsukidwa, ndipo aphunzitsi ankatifunsa mafunso amene anatiuza mayankho dzulo lake. Foni ya pamsika amakupatsa batire ili yodzaza, ukafika nayo kunyumba yakomoka. Akuchimuna akamabwera kudzaona mbeta, nyumba imaziridwa, ngakhale mlongo wanga amene amadzuka 9 koloko amapezeka akusesa nkhuku zisanatsike.

Ulemu wotumiza mawu ndi wabwino, sindikukana. Koma mukamakaona chinthu chimene mwagulitsira boti la bambo anu, mukutumiziranji mawu? Ndipo inu ogulitsa, mumataya chiyani mukanena nokha kuti giya yachitatu imadandaula? Che Ndala anatchula matenda onse a thiraki yawo, ndipo ndi amene anagwirana chanza ndi amjomba Lachisanu.

Sindikunena kuti nkhani yatha bwino. Thirakiyo ndi yakale kuposa ine, mwinanso kuposa msewu. Ikhoza kufera paphiri sabata yamawa. Panopa yaima pabwalo pathu, yatseka dzuwa la mudzi wonse, ndipo katundu woti inyamule sanapezeke. Anti amaizungulira popita kumjigo osaiyang'ana. Amjomba amadzuka, kuyang'ana oyilo, kupukuta galasi, kenako kukhala pachitsa foni ili m'manja, kudikira kuti wina aimbe.

Ine maloto sindinasiye, ndangowachepetsa. Tsopano ndimalota ndili pampando wa thumba la feteleza, ndikudikira amjomba azungulire adzanditsegulire chitseko ngati bwana.

Dzulo ndinadzijambula nditatsamira bampala, n'kuika pa sitetasi kuti: "Kampani yathu yatsegulidwa. Tili ndi thiraki imodzi ndi mabwana awiri." Sipanathe mphindi zisanu, mnzanga Twaibu wa ku Chowe, amene bambo ake amagula nandolo, anayankha:

"Aise, si ya Che Ndala imeneyo? Ndawaonetsa adadi, akuti imeneyo yawanyamulira zaka ndi zaka, sinawagonekepo panjira. Akuti amjomba ako abwere Lachiwiri, pali matumba opita ku Limbe. Koma iwe usabwere ndi nsapato zoyerazo, wosenza matumba mmodzi wadwala."