Mafupa a pa Njira ya ku Maniamba

Achemwali anga a Felisitina, dzulo a ku labotale ya pa yunivesite anandiimbira foni. Chaka chatha alimi anafukula mafupa m'mbali mwa njira yakale yokwera ku Maniamba. Akatswiri a ku labotaleko anabwera kudzatenga malovu a ife amene tinasowetsa abale pa nkhondo, kuti ayerekeze DNA, imene imaonetsa ubale wa magazi. Labotaleyo inatsegulidwa nkhondo itatha, ndipo poyamba inkangofufuza tizilombo ta malungo. Za mafupazi ayamba posachedwa. Mtsikana amene anaimbayo sanazungulire. Anati, "Amayi, mafupa aja ndi a mwana wa mayi anu."

Ndikukumbukira m'mawa umene munachoka kwathu ku Meluluca, nkhondo ili mkati. Tinali titatha masiku awiri osadya nsima. Munasenza dengu la usipa wouma kuti mukasinthanitse ndi chinangwa kumtunda. Ine ndinamanga nsalu yanga ya kapulana kuti ndikutsateni, koma munandikankha pachifuwa. "Iwe tsala, mwana wako akuyamwa. Mfuti zikalira uthamanga naye bwanji?" Ndinakwiya, sindinakutsanzikeni n'komwe. Simunabwerenso. Mayi anamwalira akukanabe kuti tikuchitireni maliro, ankati munaolokera ku Likoma ndi othawa nkhondo. Loweruka tikuikani m'manda, ndipo abusa a ku Msumba avomera kubwera. Adzukulu okumba manda ndawauza kale kuti asiye malo pambali panu. Malowo ndi anga.