Mbuzi Imene Sitinadye

Chaka chimene ndinkamaliza maphunziro a ziweto ku koleji, mbuzi ya amayi inafa ndi matenda a nkhupakupa kwathu ku Kabudula. Ine ndinkafufuza za ntchentche ndi tizilombo todya nyama yakufa, kuti timene timayamba kufika ndi titi, totsirizira mafupa ndi titi. Ndinapempha mbuziyo yathunthu.

Kwathu chiweto chikafa sichitayidwa. Amachisenda, khomo lililonse n'kulandira kanthuli. Dzuwa lisanakwere anansi anali atafika kale ndi mipeni ndi timabeseni, ine n'kuwauza kuti mbuziyi ndikaiwoletsa dala kuseri kwa munda. Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi sukulu yakeyo ndi imeneyi, eti? Anthu ndiwo ndi nkhwani wokhawokha, inu mukukadyetsa mphutsi?"

Ndinapsa mtima, koma ndinanyamula mbuzi yanga. Ndinaitchingira ndi waya kuopa agalu, ndipo m'mawa ndinkapita kukatola mphutsi ndi kasupuni n'kumaziika m'mabotolo. Ntchentche zobiriwira ndizo zinayamba kubwera. Tizikumbu takuda tinadza chikopa chitauma. Ndisaname, ntchitoyo ndinkaikonda, kungoti ndinalibe womuuza. Ndikafika pachitsime azimayi ankadula nkhani, n'kusuntha zidebe zawo.

Amayi sanandinene. Pamaso pa anthu ankati mwana wawo akuphunzira. Koma ine ndi iwo tinkadyera mbale imodzi chichokereni abambo kupita ku esiteti ya fodya kumene sanabwereko, ndipo tsiku lina ndinapeza atandipakulira padera, m'mbale yabuluu yobenthuka m'mphepete. Madzi osamba m'manja nawonso anali angaanga.

"Ndasambatu ndi sopo, amayi."

"Ndikudziwa, mwanawe. Mtima wangawu ndi umene ukukana."

Zinandipweteka kuposa mawu a azakhali. Ndinkadya nditayang'ana kukhola, iwo atayang'ana kumsewu, ndipo ndinkadzilimbitsa mtima kuti mbuziyo ikatha, nkhaniyi ithanso.

Mbuziyo inathadi. Mafupa oyera amene anatsala ndinawakwirira, zovala zonse n'kuchapa. Tsiku loti mawa lake ndikakwere minibasi pa Nsaru kubwerera ku koleji, ndinayala mphasa msanga, mbale yabuluu ija n'kuibisa pansi pa nkhokwe. Ndinakhala pamalo panga pakale, manja ali pamiyendo ngati mlendo.

Amayi anatuluka ndi chakudya. Anaima, nafunafuna ndi maso. Kenako anabwerera m'nyumba, n'kutuluka ndi mbale ina.